Namondwe wa Io-B amene anatuluka m'galaja: lipoti la kumvetsera Jupiter kum'mwera kwa Joni

Lipotili ndikulembera anzanga amene mumaphunzitsa ana Physics, ndi ena amene mumakonda kuseweretsa mawailesi ngati ine, makamaka ngati mukuganiza zoimika eriyo yomvera Jupiter kuno ku Joni. Ntchito imene imandidyetsa ndi yokonza mawailesi a mauthenga, mamota a mageti ndi mipanda yamagetsi. Loweruka masana ndimakumana ndi ana angapo a Amalawi anzathu m'kachipinda ka tchalitchi china ku Rosettenville, timachita masamu ndi sayansi. Nkhani ino ndi ya mmodzi wa anawo, mtsikana wa Grade 11, ndi phokoso limene anajambula usiku wina kumayambiriro kwa November 2023. Kwa sabata yathunthu iye ankakhulupirira kuti wamva Jupiter. Ine ndinakhulupirira masiku awiri, kenaka ndinakhala masiku ena asanu ndikudzinamiza.

Chimene tinkasaka

Jupiter ndi pulaneti yaphokoso kwambiri pa wailesi. Bernard Burke ndi Kenneth Franklin analimva phokosoli koyamba mu 1955 ku Maryland, pa 22.2 MHz, ndipo poyamba ankaliyesa phokoso la injini ya galimoto yodutsa pafupi. Chimene chinawatembenuza maganizo ndi nthawi: tsiku ndi tsiku phokosolo linkafulumira kubwera, motsata kayendedwe ka thambo, osati wotchi ya anthu.

Gwero lake ndi maginito a Jupiter pamodzi ndi Io, umodzi mwa miyezi yake ikuluikulu 4. Io amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 422,000 kuchokera pakati pa Jupiter, ndipo ali ndi mapiri ophulika mazanamazana. Utsi wa loyamba anauona Linda Morabito pa chithunzi cha chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1 mu March 1979. Mpweya wa sulufule ndi okosijeni umathawa pa Io pafupifupi tani imodzi pa sekondi iliyonse, umasanduka plasma (mpweya wokhala ndi chaji ya magetsi), ndipo maginito a Jupiter amaugwira n'kuukulunga ngati nkhata yaikulu yozinga pulaneti yonse. Jupiter amatembenuka kamodzi pa maola 9 ndi mphindi 55 ndi theka, pomwe Io amatenga maola 42 ndi theka kuti amalize ulendo umodzi. Choncho nkhata ija pamodzi ndi maginito ake imamupitirira Io pa liwiro la makilomita 57 pa sekondi. Amene munatsegulapo alternator mukudziwa chimene chimachitika waya akamadula mizere ya maginito. Kumeneko kumabadwa mavoti pafupifupi 400,000, ndipo magetsi a ma ampere mamiliyoni angapo amayenda pakati pa Io ndi Jupiter.

Ma elekitironi othamangitsidwa m'njira imeneyi amayenda mopota mozinga mzere wa maginito, ndipo pafupi ndi Jupiter amatulutsa mafunde a wailesi pa frequency imene akuzungulira nayo, yomwe ndi 2.8 MHz pa gauss iliyonse (gauss ndi muyeso wa mphamvu ya maginito). Mfundo iyi ndimaikonda chifukwa mwana atha kuiwerengera yekha. Wailesi yathu inkamva pa 20.1 MHz, ndiye kuti phokoso lililonse la Jupiter lofika m'menemo labadwira pamalo pomwe maginito ali pafupifupi gauss 7. Phokosoli limathera cha pa 40 MHz, kutanthauza gauss 14. Pansi pomwe tapondapa ku Joni sitifika ngakhale gauss 0.3.

Vuto ndi lakuti mafundewa satuluka mbali zonse. Amatuluka ngati khoma la fanulo yothirira palafini: mkati mwa fanulo mulibe kanthu, kunja kulibenso kanthu, ndipo timamva pokhapokha khoma lopyapyalalo likasesa dziko lathu. E. K. Bigg anaonetsa mu 1964 kuti zimenezi zimadalira pomwe Io wafika. N'chifukwa chake omvetsera amayang'ana manambala awiri, CML, yomwe imanena mbali ya Jupiter imene yatiyang'ana, ndi Io phase, yomwe imanena malo a Io pa ulendo wake. CML ikakhala pakati pa madigiri 105 ndi 185, Io phase ili cha pa 90, timati zenera la Io-B latseguka, ndipo limeneli ndi lomwe limapereka mwayi waukulu. Phokoso likabwera timati namondwe. Pali lina lokwera ndi kutsika pang'onopang'ono ngati mafunde a mwera akumenya mchenga ku Senga Bay, ndiwo ma L-burst. Pali lina lothetheka ngati mbuliwuli mu chiwaya, ndiwo ma S-burst.

Mawu awiri amenewa, mafunde ndi mbuliwuli, ndinawanena kwa anawo kambirimbiri. Ndikuona tsopano kuti ndinawakonzera makutu kuti amve zimene ndinawauza.

Malo ndi zida

M'tauni simungayesere n'komwe, phokoso la zamagetsi ndi lambiri. Mwayi unali wakuti bambo ake a mtsikanayu amayang'anira puloti ya mzungu wina cha ku Walkerville, ndipo banja lonse limakhala komweko. Mwini malo anatilola kugwiritsa ntchito kapinga wa kuseri kwa khola la mahatchi. Tinatsata pulani ya Radio JOVE ya NASA: mawaya awiri a dipole, lililonse lotalika mamita 7 ndi pang'ono, oyalidwa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, otalikirana mamita 6, pamitengo ya mapaipi mamita 3 kuchokera pansi. Mawaya awiriwo amakumana pa combiner, kachida kowaphatikiza, ndipo limodzi limalandira kachidutswa kowonjezera ka chingwe cha coax, phasing cable, kuti eriyo isayang'ane pamwamba penipeni koma ipendekere kumene kuli Jupiter. Wailesi inali yakale ija yomva frequency imodzi yokha, yolumikizidwa ku laputopu yokhala ndi Radio-SkyPipe, yomwe imajambula mzere umodzi wokwera ndi kutsika.

Chaka chimenecho Jupiter anali moyang'anizana ndi dzuwa pa 3 November, ndiye ankafika pamwamba kwambiri cha pakati pa usiku, madigiri pafupifupi 50 kuchokera pansi, chakumpoto.

Usiku woyamba

Ndandanda yolosera nthawi za mazenerawa inkasonyeza zenera la Io-B kuyambira cha m'ma 12 usiku mpaka cha m'ma 2. Ine sindinapiteko, m'mawa mwake ndinali ndi geti loti ndikakonze ku Alberton. Nthawi itangodutsa 1 koloko foni inalira. Unali uthenga wa mawu pa WhatsApp, akunong'ona kuopa kudzutsa azing'ono ake.

"Ankolo, dzukani. Wabwera. Tamverani nokha."

Kumbuyo kwa mawu akewo kunkamveka waa, waa, kukwera ndi kutsika, ndipo apo ndi apo thi, thi. Chithunzi cha laputopu chinabwera pambuyo. Mzere unali utagona phee mpaka 12:34, kenaka unadumpha n'kukhala pamwamba, ukugwedezeka ngati mano a sowo, ndipo unatsika pang'onopang'ono mpaka kuzimirira cha m'ma 2:10. Unayamba mkati mwa zenera, unathera pomwe zenera linkatsekeka. Ndinamuyankha kuti wagwira nsomba yaikulu usiku wake woyamba, ndipo kusanache ndinali nditatumiza kale chithunzicho pa gulu la makolo. Lamlungu ena anamuombera m'manja kutchalitchi. Uku kunali kulakwa kwanga koyamba, ndipo ndi kumene kunapweteketsa mwana kuposa kwina konse.

Zimene sizinkagwirizana

Nditakhala pansi ndi fayilo yonse, china chake chinkandikanda. Namondwe wa Jupiter sakonda kuyamba ngati munthu wadina switchi. Amayamba ndi timafunde tochepa, kenaka magulumagulu, pakati pake pali bata. Uyu anakwera m'sekondi imodzi, ndipo sanabwererenso pansi ngakhale kamodzi kwa ola ndi theka. Kuthetheka kuja ndinakuyeza ndi stopwatch ya pafoni: kunkabwera pa sekondi imodzi ndi kachidutswa, mosaphonya. Ma S-burst enieni amathamangitsana, ambiri pa sekondi imodzi, opanda dongosolo. Kugunda kwadongosolo kotere ndimakudziwa bwino, ndi energiser, kabokosi kotumiza magetsi mu mpanda. Koma ndinadziuza kuti mpanda ndi mpanda, mafunde aja ndi a Jupiter basi, zinthu ziwiri zangokumana.

Patapita masiku awiri mtsikanayu anasiya laputopu ikujambula usiku wonse, mwa chidwi chake, ndipo namondwe anabweranso. Maonekedwe ake omwewo, kutalika kwake komweko, koma anayamba 2:33 m'bandakucha. Ndinayang'ana ndandanda: Io anali kutali ndi malo alionse odziwika. Anzanga ena akanati pali namondwe wosadalira Io, ndipo n'zoona, alipo. Ndinagwira mfundo imeneyo ngati womira agwira udzu.

Apa pali kawerengedwe kamene ndikufuna aliyense woimika eriyo akadziwe. Jupiter akatembenuka ka 17 papita maola pafupifupi 168.7. Io akazungulira ka 4 papita maola pafupifupi 169.8. Sabata imodzi ndi maola 168. Ndiye namondwe wa Io akabwera lero, mpata wofanana nawo umabweranso pakatha sabata, mochedwerako ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo pakatha masabata angapo manambala awiriwo amasiyana n'kutha. Phokoso la anthu lilibe nazo ntchito zimenezi. Limatsata nthawi yophika, nthawi ya pampu, nthawi ya magetsi. Ndipo 12:34 ndi 2:33, kwa aliyense amene anakhala ku Joni mu 2023, ndi manambala odziwika: load shedding inkatha pa theka la ola, magetsi n'kubwera mphindi zingapo pambuyo pake. Ndinaimbira bambo ake.

"Achimwene, usiku uja mwanayu anamva phokoso, magetsi anali bwanji kumeneko?"

"Anathima 10 koloko, anabwera itadutsa hafu 12. Bwanji, zavuta?"

Sabata itakwana tinadikira zenera lija, lomwe tsopano linali litasunthira cha m'ma 2. Usiku umenewo magetsi sanathime, ndipo mzere unagona phee mpaka kucha. Ndinatsala pang'ono kulemba kuti umenewu ndi umboni womaliza, koma si umboni. Zenera limatha kutseguka Jupiter osayankhula, ndipo zimachitika kawirikawiri. Kukhala zii sikutsutsa kanthu.

Chingwe cholakwika mbali

Umboni weniweni unabwera kuchokera komwe sindinkayembekezera. Loweruka lotsatira mvula itagwa ndinapita kukaona ngati madzi alowa m'ma connector. Ndikutsata coax ndi dzanja kuchokera pa combiner, ndinapeza kuti phasing cable ili pa waya la kum'mwera. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi.

Chingwe chowonjezeracho chimayenera kukhala pa waya limene lili kufupi ndi komwe mafunde akuchokera, chifukwa limenelo ndi lomwe limayamba kuwalandira, ndiye timawachedwetsa kuti akumane bwino ndi a waya linalo. Chithunzi chimene ndinatsata tsiku loimika chinali cha anthu a kumpoto kwa equator, amene amaona Jupiter chakum'mwera. Ife timamuona chakumpoto. Ndinajambula pa katoni ya simenti n'kuwerengera: pa 20.1 MHz funde limodzi ndi mamita 14.9, mawaya atalikirana mamita 6, chingwe chathu chimachedwetsa ndi madigiri 90. Eriyo imamva bwino kwambiri madigiri pafupifupi 38 kuchokera pamwamba pamutu kupendekera mbali ya chingwecho, ndipo mbali inayo, pa madigiri 38 omwewo, mafunde a mawaya awiri amafafanizana. Jupiter pakati pa usiku anali madigiri 40 kuchokera pamutu, chakumpoto. Tinali titamuika pomwe eriyo yathu ndi yogontha.

Palibe wina wolakwa apa koma ine. Ndayala mawaya zaka zambiri, ndipo ndinangoona chithunzi osadzifunsa komwe ndaima. Koma kulakwa kumeneku kunatithandiza mbali ina, chifukwa funso linatha pomwepo. Eriyo yofulatira Jupiter sikanamva namondwe wamkulu chotero kuchokera kwa iye.

Kusaka gwero

Kudziwa kuti si Jupiter n'kosakwanira. Ngati gwero silinapezeke, lidzabweranso tsiku lomwe Jupiter akuyankhuladi n'kumuphimba. Ndinaika wailesi ndi laputopu pa batire ya 12V kuti zida zathu zisakhale pa magetsi a nyumba, ndipo tinadikira nthawi yoti magetsi abwere, yomwe tsiku limenelo inali 6:30 madzulo. Atangobwera, waa uja anayamba, dzuwa lisanalowe n'komwe. Mtsikanayu anali pa laputopu. Sanayankhule kanthu.

Ndinatenga kawailesi kam'manja ka shortwave, n'kukaika pakati pa masiteshoni cha pa 20 MHz, n'kuyamba kuyenda. Ku khola, pang'ono. Ku pampu ya mjigo, pang'ono. Pakhomo la galaja kawailesi kanachita kukuwa. Pa shelefu panali chaja yotchipa, ya mtundu wa switch-mode, yolumikizidwa ku mabatire awiri akuluakulu amene amayatsa magetsi a panja ndi mota ya geti nthawi ya load shedding. Magetsi akabwera, mabatire ali ndi njala, chaja imakoka mphamvu zake zonse, ndipo phokoso lake limayenda m'mawaya ataliatali opita ku geti, omwe amasanduka eriyo youlutsira. Mabatire akamadzaza chaja imachepetsa, phokoso limatsika pang'onopang'ono. Ola ndi theka. Mafunde okwera ndi kutsika aja inali chaja ikusinthasintha mlingo wake. Nditazula pulagi, mtsikanayu anakuwa kuchokera kuseri kwa khola kuti mzere wagwa. Ndinalumikizanso, unakwera. Tinabwereza katatu, ndipo ndinamuuza alembe nthawi ya kuzula kulikonse.

Mbuliwuli uja tinamupeza pa ngodya ya mpanda, pomwe bobbin imodzi inali yosweka ndipo udzu wonyowa unkakhudza waya. Mumdima kankaoneka kamoto kabuluu pa kugunda kulikonse.

Zosankha zimene tinapanga

Chosankha choyamba sichinali cha sayansi. Mpanda wamagetsi pa puloti ku Joni suzimitsidwa usiku, ndipo sindinapemphe n'komwe. Bambo ake anandikokera pambali.

"Achimwene, ine pano ndine wantchito. Geti likakanika kutseguka m'mawa chifukwa cha zanuzi, abwana sadzafunsa za Jupiter."

Ankanena zoona. Ndinapita ndekha kwa mwini malo, ndinamuonetsa bobbin yosweka, ndinaisintha ulere, ndinadula udzu m'mbali mwa mpanda wonse wa kumbuyo. Za chaja tinagwirizana kuti izizulidwa pa nthawi ya zenera pokha, osapitirira maola awiri, ndipo wozula ndi wolumikizanso akhale ine kapena bambo ake, osati mwana. Ndinakulunganso mawaya ake pa mphete za ferrite, zomwe zinachepetsa phokoso koma sizinalithetse.

Chachiwiri, ndinasamutsira phasing cable ku waya la kumpoto.

Chachitatu, ndinasiya wailesi ya frequency imodzi. Ndinabwereka SDR, wailesi yoyendetsedwa ndi kompyuta, kwa mnzanga wa amateur radio, yotha kuonetsa kuyambira 16 mpaka 24 MHz nthawi imodzi pa spectrogram, chithunzi choonetsa frequency zonsezo motsatira nthawi. Ndikanayamba nayo, sabata yonse ija sikanatayika. Mzere umodzi umangokuuza kuti phokoso lakwera. Spectrogram imakuonetsa nkhope yake. Chaja ija inaoneka ngati mano a chipeso, mizere yopingasa yotalikirana mofanana, yonse ikugwedezeka pamodzi. Mpanda unaoneka ngati timizere toimirira, totalikirana mofanana. Mphezi ndi mizere yoimiriranso koma yopanda dongosolo. Masiteshoni a wailesi cha pa 17.5 ndi 21.5 MHz ndi mizere yokhazikika. Ndinamuuza mtsikanayu ajambule chilichonse mwa zimenezi n'kuchilemba dzina, asanaganizenso za Jupiter.

Kukambirana naye ndi komwe kunali kovuta. Ankafuna kupita ndi ntchitoyi ku chionetsero cha sayansi cha ana asukulu, ndipo anali atalemba kale masamba 6.

"Ndiye ankolo, anthu onse aja ndikawauze kuti ndinamva chaja?"

Ndinamuyankha kuti amene anawauza anthuwo ndine, ndiye wokawauzanso ndine. Ndinalemba pa gulu lija tsiku lomwelo kuti ndinathamanga kulengeza, ndipo eriyo ndinailumikiza molakwika. Wina anayankha ndi mwambi wa chikomekome cha nkhuyu. Iye sanabwere Loweruka lotsatira. Linalo anabwera ndi kope latsopano, m'mene anali atalemba mazenera onse mpaka January, nthawi ya UT (nthawi ya ku Greenwich) kumanzere, nthawi ya kuno kumanja. Paja ndandanda zimenezi zimalembedwa mu UT, ndipo ife timawonjezera maola 2. Ambiri amagwa pamenepa, iye sanagwepo.

Kudikira

Nthawi sinali kumbali yathu. Sabata iliyonse Jupiter ankafika pamwamba mofulumira ndi theka la ola, ndipo pofika pakati pa December ankafika nthawi isanakwane 9 usiku. Madzulo ndi nthawi yoipa yomvetsera, makamaka chaka ngati 2023 pomwe dzuwa linali laukali: ionosphere, chigawo cha mlengalenga chimene chimabweza mafunde a wailesi, imachedwa kupyapyala, masiteshoni akutali amadzaza paliponse. Pamwamba pa izo ndi nyengo ya mabingu, ndipo mphezi za ku Highveld si zoseweretsa.

Mazenera awiri a Io-A, mtundu wina wa zenera la Io, anadutsa opanda kanthu. Zenera labwino la Io-B kumapeto kwa November tinalitaya dala. Mitambo inali itaunjikana chakumadzulo kuyambira masana, ndipo lamulo lomwe tinagwirizana linali lakuti bingu likangomveka, coax imasulidwe n'kuponyedwa kutali ndi nyumba. Mtsikanayu anaimba kupempha mphindi 20 zokha. Ndinakana. Mwina Jupiter anayankhula usiku umenewo. Ngakhale lero ndingakanenso, chifukwa waya wa mamita 7 wokwezedwa pabwalo loyera, wolowa m'chipinda chogona ana, si chinthu choyesera mwayi.

Usiku wa mu December

Zenera lina la Io-B linagwa pakati pa December, cha m'ma 10 usiku, Jupiter atapendekera kale kumadzulo koma akadali m'dera lomwe eriyo imamva. Kunja kunali kowala nyenyezi, mabingu ali kutali kwambiri. Ndinalipo. Bambo ake anazula chaja 9:30, anabwera kudzakhala pa ndowa yotembenuza, atafunda jekete.

Kwa mphindi 40 kunalibe kanthu koma timizere ta mpanda. Kenaka pakati pa 18 ndi 21 MHz panayamba kuoneka kamtambo kotuwa, kosalimba, koti munthu wosadziwa akanati ndi dothi pagalasi. Kanazimirira, kanabweranso kowalirako, kopindika ngati uta. Pa sipika panamveka kupuma, ngati munthu akupumira m'tulo chipinda china, kenaka funde limodzi lomveka bwino, kenaka bata. Zinapitirira chonchi mphindi pafupifupi 25. Mphamvu yake sinafike ngakhale theka la phokoso la chaja ija.

Bambo ake anafunsa kuti, "Ndi zomwezi basi?"

Chimene chinandikhutiritsa ine si makutu. Mkati mwa kamtamboko munali mizere yopingasa, yowala ndi yakuda mosinthana ngati msana wa mbidzi. Amaitcha Faraday lanes. Mafunde a Jupiter akamadutsa mu ionosphere yathu, maginito a dziko lapansi amawapotoza, ndipo kupotozako kumasiyana pa frequency iliyonse. Dipole imamva bwino mafunde ogona mbali imodzi, ndiye pa frequency ina imamva, pa ina siimva. Phokoso la m'galaja silidutsa mu ionosphere, silingakhale ndi mizere yotere.

Ngakhale zinali choncho sitinauze munthu. Tinayesa zinthu zitatu. Bambo ake anazimitsa magetsi a nyumba yawo kwa mphindi ziwiri namondwe ali mkati, ndipo palibe chinasintha. Ndinazula eriyo n'kuika dummy load ya 50 ohm, kachida kolowa m'malo mwa eriyo koma kosamva mafunde, zonse zinazima, kusonyeza kuti phokoso silinkabadwira m'zida zathu. Chachitatu chinatenga masiku. Ku Nançay, ku France, kuli eriyo yaikulu ya ma antena 144 yomwe imamvetsera Jupiter tsiku ndi tsiku kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo zithunzi zake zimaikidwa poyera pa intaneti. France ndi South Africa zimaona Jupiter pa maola ofanana ndithu. Mtsikanayu anatsitsa chithunzi cha usiku umenewo n'kuchiika pambali pa chathu. Uta unalipo pa nthawi yomweyo ya UT, waukulu ndi womveka kuposa wathu, wopitirira pamwamba pa 24 MHz pomwe chida chathu chinathera. Anatsitsanso cha usiku woyamba uja wa November. Panalibe chofanana ndi phiri lathu la ola ndi theka.

Chimene ndinakonza m'lipoti lake

Polemba, iye anati tamva malamba a radiation a Jupiter. Ndinamubweza, chifukwa ambiri amasakaniza ziwirizi. Malambawo alipo, ndipo ndi oopsa kuposa a pulaneti ina iliyonse. Muli ma elekitironi othamanga pafupifupi liwiro la kuwala. Zombo za m'mlengalenga zinakumana nawo: Pioneer 10 inawalawa mu December 1973, Galileo inavutika nawo pa zaka zake za 1995 mpaka 2003, ndipo Juno, yomwe inafika mu July 2016, zida zake zaubongo anazitsekera m'bokosi la titanium la makoma okhuthala sentimita imodzi. Pa Europa, mwezi wina wa Jupiter, munthu woima poyera angalandire mlingo wakupha m'tsiku limodzi kapena awiri. Koma ma elekitironi amenewo amaulutsa pa frequency zapamwamba kwambiri, zofuna dishi yaikulu ngati ya mamita 26 ya ku Hartebeesthoek. Amene ife tinamva ndi ang'onoang'ono pa mphamvu, a ma elekitironi-voti masauzande ochepa chabe. Amamveka patali chifukwa amaimba pamodzi ngati kwaya, osati chifukwa aliyense ali ndi mawu aakulu.

Anawonjezeranso yekha ndime ya miyezi ina, ndipo ndinaisiya chifukwa inali yolondola: kuti Galileo inapeza mu 1996 kuti Ganymede ali ndi maginito akeake, mwezi wokhawo wodziwika kukhala nawo, ndi kuti nyanja ya madzi amchere pansi pa ayezi wa Europa inadziwika chifukwa cha mmene imayankhira maginito opendekeka a Jupiter akamaisesa. Pa 30 December, tili mkati molemba, Juno inadutsa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera pa Io, ndipo anaika chimodzi mwa zithunzizo pachikuto.

Tinatsutsana pa chinthu chimodzi. Iye ankafuna kuchotsa nkhani ya chaja yonse. Ine ndinati ikhale, ndipo ikhale patsogolo, ndi zithunzi ziwiri moyandikana, nthawi za kuzula pulagi, ndi kawerengedwe ka chingwe cholakwika kolembedwa kuti wolakwitsa anali womuthandiza. Anavomera monyinyirika. Akuti oweruza a pachionetsero chija anathera nthawi yambiri pa tsamba limenelo kuposa pa la Jupiter, ndipo mmodzi anamufunsa chimene akanachita poyamba akanati ayambirenso. Anayankha kuti akanajambula masiku angapo popanda kuyang'ana ndandanda, kuti adziwe phokoso la pamalopo. Ine ndikanawonjezera kuti eriyo iimikidwe mu June kapena July. Miyezi imeneyo pakati pa mlalang'amba wathu pamadutsa pamutu penipeni pa Joni usiku, kulibe mabingu, ndipo eriyo yabwino pamalo abata imaonetsa kaphiri kosalala kofulumira ndi mphindi 4 tsiku lililonse. Kaphiri kameneko kakapanda kuoneka, vuto lili pansi pano.

Eriyo tinaitsitsa mu January, mwini malo atafuna kapinga wake. Nyengo yotsatira Jupiter anali moyang'anizana ndi dzuwa pa 7 December 2024, ndipo kuno ankangofika madigiri pafupifupi 42, ndiye poimikanso eriyo tinakweza mapaipi kufika mamita 4 ndi theka kuti eriyo imve bwino chapansi. Waya la kumpoto mtsikanayu analimanga tepi yofiira, n'kulembapo N ndi maka. Chaja ija inapsa yokha mu February, ndipo yomwe mwini malo anagula m'malo mwake imalira pa 19 MHz.